Thinazi wandidyera phiko la Hurricane, ndithandizeni abale

Bambo a Tadala (Kasungu boma): Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi chisoni komanso funso. Alamu anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anandibweretsera kabokosi ka ndege ya nkhondo ya Hurricane, sikelo ya 1/144 (kutanthauza kuti yeniyeni yachepetsedwa ka 144), ka pulasitiki kolumikiza wekha. Ndinakasunga miyezi itatu osakakhudza, kuopa kulakwitsa. Dzulo ndinati lero ndi lero. Ndalumikiza bwinobwino, kenako ndatenga penti ya mafuta yomwe inatsala titapenta mafelemu a mawindo, ndasungunula ndi thinazi wa ku hadiweya, ndapaka phiko lakumanzere. Sipanathe mphindi zisanu phiko layamba kufewa, pamwamba pachita makwinya ngati mkaka wowira ukamazizira, timizere tonse ta pa phiko tafafanizika. Nditakhudza, chidindo cha chala changa chatsala pomwepo. Usiku sindinagone bwino. Kandegeka kangapulumuke? Nanga anzanga mumapaka penti yanji, poti penti yeniyeni ya tindegeti kuno sitiiona?

Junior (Chatoloma): Eee pepani akulu. Tumizani chithunzi tione pomwe pafika vutolo.

Bambo a Tadala: Ndatumiza. Taonani kunsonga kwa phikoko, kwapindikira pansi.

aMwale a mafoni (Nkhamenya): Pepani kwambiri bambo, koma musakataye. Thinazi uja, makamaka wopopera magalimoto, amadya pulasitiki wa tindegeti. Ngakhale guluu wake weniweni amagwira ntchito choncho, amasungunula pang'ono mbali ziwirizo kuti zigwirane. Inu mwangothira wambiri pamalo amodzi. Panopa musakhudzenso. Kaikeni pamwamba pa kabati masiku anayi kuti thinazi yense atuluke, pulasitiki alimbenso. Akalimba kwechani ndi sanipepa wa nambala 400 wonyowetsa m'madzi, kenako wa 800. Pomwe patsale timaenje dontheza supagulu, muwazepo soda, nthawi yomweyo pauma gwa ngati mwala, mukwechenso. Timizere tija tapita basi, koma phiko libwerera.

Bambo a Tadala: Soda wake uti aMwale?

aMwale a mafoni: Yemweyo amayi amathira m'therere, woyera wa m'kapaketi. Koma musaweramire pafupi, utsi wake umalasa m'maso. Chinanso, supagulu asayandikire kagalasi ka woyendetsa ndege. Mpweya wake umayeretsa galasi ngati lagwera ufa ndipo sizichoka. Kagalasiko matani ndi guluu woyera wa matabwa, amauma osaoneka.

NaBanda (Santhe): Pa nkhani ya penti ndiyankhe ine. Ndimagwiritsa ntchito penti ya madzi ya anthu ojambula zithunzi, ya acrylic ya m'timachubu. Ndikapita ku Lilongwe kukagula nsalu ndimadzera m'mashopu a zolembera, ndimatenga yoyera, yakuda, yofiira, yachikasu ndi ya buluu. Mitundu isanu imeneyi imandipatsa ina yonse. Musanapake tsukani kandegeko ndi sopo wotsukira mbale chifukwa mafuta a m'manja amakaniza penti. Yambani ndi andakoti wotuwa. Penti yake ikhale yamadzimadzi ngati mkaka, osati ngati phala. Ulendo woyamba imaoneka yonyansa, pulasitiki akuonekera, ndipo mtima umafuna kuunjika yambiri. Limbani mtima, dikirani iume, pakaninso. Kachitatu mudzaona yagona bwino.

Vuto la kuno ndi kutentha. Mwezi wa Okutobala penti imaumira pa bulashi usanafike nayo pa phiko. Ine ndimatenga chivindikiro cha kontena ya majarini, ndimayalapo tishu yonyowa, pamwamba kapepala kopyapyala kokopera zithunzi, n'kumasakanizira penti pamenepo. Imakhala yonyowa mpaka madzulo. Ndikapaka ndimavindikira kandegeko ndi beseni, apo ayi fumbi la mumsewu limamatirira.

Bambo a Tadala: Zikomo mayi. Beseni ija sindinaiganizire n'komwe.

aPhiri kalipentala (Chamama): Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndinene maganizo anga, wina asakhumudwe. Gulu lino tinaliyambitsa kuti tizisewera nkhondo ya tindegeti patebulo, koma chaka chikutha tili ndi ndege zisanu zokha, chifukwa aliyense akudikira mlamu wa ku Joni kapena msuweni wa ku UK. Tsiku lomwe kabokosi kamodzi kawonongeka, munthu sagona tulo. Ife si ife tinkapanga magalimoto a waya okhala ndi chiwongolero ndi masipuling'i omwe? Ndege za mapesi sitinkapanga? Ine ndayamba kusema. Thupi la ndege ndikugwiritsa ntchito zidutswa za chiwale zomwe amataya opanga mipando. Mkati mwake ndi mofewa, lezala imadutsa bwino, ndipo n'chopepuka moti sichigwetsa choimikira. Chovuta chake chimamwa penti komanso chili ndi ulusi. Ndiye ndikamaliza kusema ndimapaka guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi kawiri, ndikwecha, ndipakanso. Chimalimba kunja ngati chikhokho cha dzira. Amene alibe chiwale atenge kachidutswa ka malaina kapena paini, kungoti mpeni wake ukhale wakuthwa.

Junior: Akulu aPhiri ulemu wanu, koma zosema sizingafanane ndi za m'bokosi. Za makampani a Airfix ndi Revell zimakhala ndi timizere tonse, mpaka mapaipi a utsi. Ine ndikufuna ndikaika Spitfire patebulo munthu aziti iyi ndi Spitfire, osati kandege ka ana.

aPhiri kalipentala: Mphwanga, tenga Spitfire yakoyo uiike patebulo, iwe uime pomwe umaima posewera. Undiuze timizere tingati ukutiona. Pa mtunda umenewo diso limagwira zinthu zitatu: kaumbidwe ka phiko, mtundu wa penti, ndi chizindikiro. Spitfire imadziwika ndi phiko lake lozungulira ngati tsamba. Ukalidula bwino limenelo wamaliza theka la ntchito. Ya m'bokosi ndi yokongola, sindikukana, ndipo amene ali nayo aisamale. Koma masewero amafuna ndege zambiri.

Junior: Ndayesa. Zoona timizere sindikutiona, koma mtima wanga ukudziwa kuti tilipo.

NaBanda: Zimenezo ndi zabwinonso achimwene, palibe akukuletsani. Ndiwonjezere pa mawu a aPhiri: kanthu kakang'ono ukakapaka mtundu weniweni wa ndege yaikulu kamaoneka kakuda bii ukakhala patali. Ine mtundu uliwonse ndimathiramo kadontho ka yoyera. Pafupi umaoneka wotumbuluka, patebulo umaoneka bwino.

Aphunzitsi (Mtunthama): Madzulo abwino nonse, ndinali ndi makope oti ndichonge. Tisanaseme chilichonse tigwirizane sikelo, chifukwa apa ndi pomwe tasokonekera. Spitfire ya Junior ndi 1/72, Hurricane ya bambo a Tadala ndi 1/144. Spitfire yeniyeni mapiko ake kuchokera nsonga kufika nsonga ndi mamita 11.23, Hurricane ndi mamita 12.19. Ndiye Hurricane ndi yokulirapo. Koma patebulo pathu Spitfire ikutambalala masentimita 15.6 pamene Hurricane ili 8.5. Ana akaona aphunzira zolakwika. Masewero ogulitsa ali ndi masikelo awo, Blood Red Skies amagwiritsa 1/200, Wings of Glory ali ndi 1/144 pa ndege za nkhondo yoyamba ndi 1/200 pa yachiwiri. Ena amatsika mpaka 1/300 kapena 1/600. Kwa ife osema pamanja 1/200 ndi yaing'ono kwambiri, 1/72 imadya malo. Ine ndikuti 1/144. Masamu ake ndi osavuta: tengani muyeso wa ndege yeniyeni m'mamilimita, gawani ndi 144.

Tsono tamverani ichi chomwe ndapeza usiku wathawu. Khadi lija limabwera ndi SIM, lomwe timathyolamo kachidutswa n'kutaya, m'litali mwake ndi mamilimita 85.6. Phiko la Hurricane pa 1/144 ndi mamilimita 84.7. Likukwana pa khadi limodzi, kutsala kakang'ono. Makhadi a ku banki otha ntchito ndi muyeso womwewo, ndipo ndi abwino koposa chifukwa alibe bowo pakati.

aMwale a mafoni: Aphunzitsi mwandipatsa ntchito. Makhadi a SIM ndili nawo odzaza katoni pa benchi yanga, makasitomala amangowasiya. Abowo aja tizidula mapiko awiri padera kapena zipsepse za kumchira. Dziwani kuti makhadiwa ndi pulasitiki wamtundu wina, guluu wa m'mabokosi sawagwira, koma supagulu. Muyambe mwakwecha mbali zonse mpaka kunyezimira kuthe, apo ayi penti idzasupuka ngati khungu la njoka. Kutsogolo kwa phiko kwechani mozungulira, kumbuyo mopyapyala.

Zoimikira ndiye musavutike. Sipoko wa njinga mumadula masentimita asanu ndi limodzi, pansi wasala wamkulu wa ku hadiweya kuti chilemere. Pamwamba ndimamatapo kamaginito kochokera m'mahedifoni owonongeka, pamimba pa ndege kachidutswa ka lezala kapena kamutu ka msomali. Ndege imachoka n'kubwerera, ndipo mutha kuipendeketsa ngati ikukhota. Amene ali ndi wailesi yakufa asataye eriyo yake. Ija imatalika n'kufupika, ndiye ndege imakwera ndi kutsika pamaso panu.

Junior: Ya eriyoyi ndiye yandigwira mtima. Agogo ali ndi mawailesi awiri akufa.

Aphunzitsi: Upemphe kaye, usangozula.

Ndili ndi pempho lina. Nthawi zonse tikakamba timathamangira nkhondo ya mumlengalenga ya ku Britain ya 1940, Spitfire ndi Messerschmitt. Koma pali nkhondo ina yomwe anthu akwathu anaiona ndi maso. Italy italowa nkhondo pa 10 Juni 1940, asilikali a King's African Rifles (Keyala) ochokera ku Nyasaland anali kumalire a Kenya ndi Abyssinia, yomwe lero ndi Ethiopia. Mu Julayi chaka chomwecho anamenyana ku Moyale. Addis Ababa inagwa mu Epulo 1941, ndipo Ataliyana omaliza anagonja ku Gondar mu Novembala. Pamwamba pa mitu yawo pankauluka Fiat CR.42 ndi CR.32 za Ataliyana, za mapiko awiri osanjikizana, ndi Caproni Ca.133 ya mainjini atatu yoponya mabomba. Mbali inayi kunali Gloster Gladiator ndi Hurricane, zambiri zoyendetsedwa ndi a South African Air Force. Ataliyana njira ya panyanja inali yotsekeka, moti ma CR.42 ena ankawamasula mapiko n'kuwanyamula m'mimba mwa ndege yaikulu ya SM.82. Ndegezi m'mabokosi n'zosowa, ndiye kusema kwa aPhiri kukugwira ntchito apa. Gladiator mapiko ake ndi mamilimita 68 pa sikelo yathu, CR.42 phiko lam'mwamba 67, lam'munsi lalifupi. Zonse zikukwana pa khadi.

aPhiri kalipentala: Timitengo tolumikiza mapiko awiriwo tizigwiritsa ntchito mapini a stepula. Ndayesa kale, amalimba. Caproni ndisema ine.

aZimba (Chulu): Ana anga, ine pagulu pano anandiika ndi mdzukulu wanga chifukwa ndimakonda kuona zomwe mumapanga, ndipo sindiyankhula kawirikawiri. Lero ndiyankhule. Bambo anga anapita ku Abyssinia ndi Keyala. Anabwera amoyo, koma mpaka ukalamba wawo ndege ikamadutsa ankasiya khasu n'kuyang'ana kumwamba mpaka phokoso lithe. Sankakonda kufotokoza. Anzawo ena a m'mudzi mwathu sanabwerere. Tsono ndikamva kuti Caproni yomwe inkawaponyera mabomba mukufuna muiike patebulo n'kumaponya madayisi, mukuseka, mtima wanga sukukhazikika. Za ku Britain sizinkandikhudza. Izi zafika pakhomo.

Aphunzitsi: Bambo, mwayankhula zolemera ndipo ndazimva. Sindinaganize mbali imeneyo mokwanira. Pepani.

Bambo a Tadala: Ngati zili zopweteka kwa akuluakulu tingathe kuzisiya, ndege zina zilipo zambiri.

NaBanda: Bambo aZimba, ndiloleni ndiyankhe monga mdzukulu wa msilikali. Agogo anga aamuna anapita ku Burma. Anali m'gulu la 11th East African Division lomwe linadutsa chigwa cha Kabaw mu 1944, nthawi ya mvula yoopsa, matope ndi malungo. Ndili mwana ankatiuza kuti misewu itafa, chakudya chinkagwa kuchokera kumwamba, ndege ya Dakota ikuponya matumba. Pomwe anamwalira nkhani zija zinapita nawo, ndipo ana anga sadziwa n'komwe kuti Burma ili kuti. Chipilala cha asilikali a Keyala chili ku Zomba, ana a ku Santhe adzachiona liti? Ine chomwe chinandikokera ku tindegeti n'chimenecho. Mwana wanga wamkazi anandipeza ndikupenta, anafunsa kuti ndege iyi inali ya ndani, ndipo tinakhala mpaka usiku ndikumufotokozera za agogo ake. Sindikunena kuti mtima wanu ukulakwa. Ndikungoti kwa ine kusazipanga ndiye kuwaiwala.

Aphunzitsi: Ndiwonjezere pang'ono, mwaulemu. Mganda womwe timavina kuno, mizere ija, mayunifomu oyera, malipenga a zikho, zinachokera ku perete wa asilikali. Makolo athu anatenga chinthu cha nkhondo n'kuchisandutsa gule, ndipo palibe amati akunyoza omwe anafa. Mwina nkhani ili pa m'mene tikuchitira.

aZimba: Mayi NaBanda, mawu anu andifika. Za mganda ndi zoona aphunzitsi, bambo anga omwe ankavina. Komabe mganda suponya bomba pa munthu. Ndipemphe ziwiri. Patebulo panu pasakhale tiasilikali tapansi toti muziwerenga kuti tafa tingati. Ndege zilimbane zokhazokha, kapena zilondole pa mlatho ndi pa bwalo la ndege. Chachiwiri, musanayambe kusewera wina aziyamba wafotokozera anawo kuti kumeneko kunali anthu athu ndipo ena anatsala komweko. Mukatero ndibwera, ndipo ndibweretsa mamendulo a bambo anga anawo awaone.

aPhiri kalipentala: Tamva bambo. Zichitika choncho.

Junior: Ine ndavomera. Spitfire yanga ikhala pa shelefu, ndisema Gladiator. Koma tizindikiro tozungulira tija pa phiko la masentimita 7 ndijambula bwanji? Dzanja langa limanjenjemera.

NaBanda: Osajambula, dinda. Pezani zinthu zozungulira zitatu zosiyana kukula: kumbuyo kwa pensulo yosasongola, kumbuyo kwa kamtengo ka bulashi, ndi kamtengo ka machesi kosongola pang'ono. Viikani chachikulu mu buluu, dindani kamodzi, osapotokola. Chiume ndithu. Kenako choyera pakati, chiume, pomaliza kadontho. Yesani kaye kakhumi pa khadi lotaya. Mitundu ya pamwamba ndi bulawuni wa dothi ndi girini wakuda, mogawana mokhotakhota. Bulawuni wake ndimayerekeza ndi dothi la pa chulu likauma.

Aphunzitsi: Kadontho ka pakati kasamaleni. Ndege za Britain ndi kofiira, koma za South Africa pa nkhondo imeneyi kanali ka olenji. Za Ataliyana muike mtanda woyera pa chipsepse cha kumchira, pa thupi mabanga a girini ndi bulawuni pamwamba pa chikasu cha mchenga. Mabangawo dindani ndi kachidutswa ka siponji. Ndipo mayi NaBanda, Dakota yanu ya ku Burma isakhale ndi chofiira n'komwe. Kumeneko anachotsa chofiira pa zizindikiro kuopa kusokoneza ndi dzuwa lofiira la ndege za Japan, anasiya buluu wakuda kunja ndi buluu wowala mkati.

Malamulo ndalemba tsamba limodzi loti tiyesere. Liwiro la ndege ndagawa ndi 20 kuti lipereke masentimita oyenda pa ulendo umodzi. Hurricane inkapitirira pang'ono makilomita 500 pa ola, ndiye 25. CR.42 inali cha m'ma 440, ndiye 22. Gladiator 20. Caproni sinkafika ngakhale 300, ndaipatsa 13. Hurricane inali ndi mfuti zisanu ndi zitatu, iponya madayisi anayi. Gladiator mfuti zinayi, madayisi awiri. CR.42 mfuti ziwiri zokha koma zazikulu, madayisi awirinso. Za mapiko awiri zikhota kawiri pa ulendo, Hurricane kamodzi. Ndiye wa Hurricane akalola kuzungulirana ndi Fiat aluza, ayenera kubwera mothamanga, kuwombera, n'kudutsa. Madayisi a Ludo akwana.

aMwale a mafoni: Apa zikufanana ndi bawo, wothamangira kudya ndi amene amadyedwa. Koma Caproni ikhale yolimba, isagwe ndi kuwombera kumodzi.

Aphunzitsi: Ndaipatsa miyoyo isanu, zing'onozing'ono itatu. Tikayesa tidzaona ngati zili bwino.

NaBanda: Nsalu ya patebulo ndisoka ine. Ndili ndi khaki yotsala ya mayunifomu, mamita awiri. Ndijambulapo mtsinje wouma ndi bwalo la ndege.

Bambo a Tadala: Abale, ndabweranso patapita masiku anayi monga ananenera aMwale. Phiko linalimbadi. Ndakwecha ndi madzi pang'onopang'ono dzulo madzulo onse, timaenje titatu ndatseka ndi supagulu ndi soda. Nsonga yopindika ija ndinaidula, ndamatapo kachidutswa ka khadi n'kukwecha mpaka chala sichikumva polumikizira. Andakoti ndapaka m'mawa uno, panopa kali pansi pa beseni. Phiko lakumanzere ndi losalala, lakumanja lili ndi timizere, koma ndikaima patali sindikusiyanitsa. Kadontho ndiika ka olenji. Tadala akuti iyeyo ndi amene adinde.

aMwale a mafoni: Mwagwira ntchito bambo. Mukamaliza penti mupake vanishi wa madzi wosanyezimira, chifukwa pamasewero timagwiragwira. Musapake tsiku la mvula, chinyezi chimamuyeretsa.

aPhiri kalipentala: Thupi la Caproni latha, mainjini atatu ndadula ku chubu cha bolopeni. Koma mapiko ake ndi pafupifupi masentimita 15, khadi silikwana. Ndilumikize awiri?

NaBanda: Funso langa ndi lomwelo. Aphunzitsi, Dakota ikhala yaikulu bwanji?

Aphunzitsi: Yeniyeni ndi mamita 29, ndiye pa 1/144 ndi masentimita 20. Musalumikize makhadi, polumikizirapo padzathyoka. Zivindikiro za makontena a majarini musayesenso, pulasitiki ameneyo sagwira guluu kapena penti.

aMwale a mafoni: Chivindikiro cha trunking ija amabisamo mawaya a magetsi pakhoma, yaikulu bwino. Ndi yoyera, yosalala, supagulu amaigwira. Mnzanga wina wamagetsi ali ndi zidutswa zotsala, ndikatenga mawa. Loweruka ndibwera nazo pamodzi ndi makhadi, masipoko ndi maginito. Tikumana kwa bambo a Tadala 2 koloko eti?

Bambo a Tadala: Eya, 2 koloko, tebulo ndiika pakhonde. Bambo aZimba, mukatsika pa depoti mundiimbire, ndidzakutengani pa njinga yamoto.

aZimba: Zikomo mwana wanga. Ndinyamuka m'mawa. Mayi NaBanda, mubwere naye mwana wanu uja, ndikufuna adzagwire mendulo ndi manja ake.